Chingwe Chimayamba Kukola Mlendo

Ambiri mwa inu mukuidziwa misonkhano imene timachita kwa eni kuno mnzathu akatisiya. Timakumana m'galaja kapena kuseri kwa nyumba ya lendi, wina agwira kope, wina alandira ndalama, ndipo tiwerengetsa ngati zosonkhedwazo zikwane bokosi, mapepala a pamalire ndi galimoto yonyamula thupi mpaka kumudzi. Miyezi ingapo yapitayo ndinakhala nawo pa msonkhano wotere mu Johannesburg. Womwalirayo anali mlonda, mnyamata amene anabayidwa m'bandakucha akuchokera kuntchito, chifukwa cha foni ndi ndalama zochepa za m'thumba. Zopereka zitatha, bambo wina wachikulire amene wakhala ku Joni zaka zoposa 20 anaimirira nati dziko la South Africa linalakwa kuchotsa chingwe, pakuti opha anzawo akanakhala kuti amanyongedwa, mnyamatayo bwenzi ali moyo. Palibe amene anawatsutsa. Nanenso ndinakhala chete, poti pamaliro sipochitira mtsutso.

Yankho limene ndinasunga tsiku limenelo ndikulipereka pano, m'dzina la kalata ino. Ife tikutsutsa chilango cha imfa, pa mlandu uliwonse ndi m'dziko lililonse, ndipo tikukupemphani inu amene mumagwira ntchito kutali ndi kwanu kuti muganize mofatsa musanachiitanitse. Kulikonse kumene boma lili ndi mphamvu yopha, woyamba kukoledwa amakhala munthu wosauka, wosamva chilankhulo cha m'bwalo la milandu, wopanda achibale pafupi. Munthu ameneyo ndi inu ndi ine.

Sitikupeputsa misozi ya ofedwa, pakuti maliro a nkhanza ife obwera tikuwadziwa. Mu May 2008 anthu 62, ena mwa iwo eni dziko, anaphedwa pa ziwawa zolimbana ndi obwera ku South Africa, ndipo chithunzi cha Ernesto Nhamuave wa ku Mozambique akupsa ndi moto chinazungulira dziko lonse lapansi. Mu 2013 Mido Macia, woyendetsa minibasi wa ku Mozambique, anamangiriridwa kumbuyo kwa galimoto ya apolisi ku Daveyton, nakwekwerezedwa pamsewu, namwalira m'chitokosi. Mu 2015 Emmanuel Sithole anabayidwa ku Alexandra anthu akuonerera. Mu 2022 Elvis Nyathi wa ku Zimbabwe anamenyedwa ndi kutenthedwa ku Diepsloot. Munthu wokumbukira maina amenewa ali ndi chifukwa chokwiyira. Koma mkwiyo usatiiwalitse kufunsa kuti chingwe chikabwerera, chidzayamba ndi khosi la yani.

Amene amafika pa chingwe

Mu March 1952 mayi wina wogulitsa m'sitolo, Lily Volpert, anaphedwa m'dera la kudoko la mzinda wa Cardiff ku Britain. Apolisi anagwira Mahmood Mattan, Msomali amene anafika kumeneko pogwira ntchito m'sitima zapamadzi, nakwatira mkazi wa komweko. Mlanduwo unadalira kwambiri mboni imodzi, ndipo zimene mboniyo inayamba kuuza apolisi, zosiyana ndi zimene inanena m'bwalo, sizinaonetsedwe kwa omuimira. Mu September chaka chomwecho Mattan ananyongedwa. Mkazi wake sanaleke kudandaula, ndipo mu 1998, patapita zaka pafupifupi 46, bwalo la apilo linafafaniza chigamulo chija. Apolisi a kumeneko anapepesa mu 2022, mkaziyo atamwalira kale. Izi zinachitika m'dziko limene linkadzitama kuti mabwalo ake ndi achitsanzo, dziko lomwe linatisiyira malamulo onyonga amene ena mwa maiko athu akuwasungabe.

Nkhani ya Rizana Nafeek ndi ya m'masiku athu. Anali mtsikana wa ku Sri Lanka, wa m'banja losauka, amene anapita ku Saudi Arabia mu 2005 kukagwira ntchito ya m'nyumba. Chikalata chake chobadwira chinaonetsa kuti anali ndi zaka 17, koma pasipoti imene omupezera ntchito anamukonzera inamukulitsa ndi zaka 6. Patangotha masabata ochepa, khanda la miyezi inayi limene anamusiyira linamwalira. Iye ananena kuti linatsamwa ndi mkaka akulimwetsa m'botolo. Anafunsidwa popanda loya, kudzera mwa wotanthauzira wosaphunzira ntchitoyo, ndipo anavomera mlandu. Pambuyo pake anakana, nanena kuti anachita kuumirizidwa. Boma la kwawo linapempha chifundo kangapo koma sizinathandize. Mu January 2013 anadulidwa mutu.

Mukaika nkhani ziwirizi pamodzi, mudzaona kuti njira yopita ku chingwe imayambira kutali ndi tsiku la chigamulo. Imayambira pa polisi, pamene munthu asayina pepala limene sangathe kuliwerenga. Imapitirira pamene loya waulere, wothodwa ndi milandu yambiri, amuona kwa mphindi zochepa. Mboni zimene zikanamuikira kumbuyo ndi obwera anzake, ena opanda mapepala, amene amaopa kuti akaponda pakhoti adzatuluka ali m'galimoto yowabweza kwawo. Achibale amene akanafotokoza za khalidwe lake, matenda ake kapena msinkhu wake weniweni ali kutsidya la malire, ndipo ena sadziwa n'komwe kuti wamangidwa.

Pa kafukufuku wanga wa za apantchito ndakhala m'mabwalo a milandu angapo kumene mlandu wa m'bale wathu unaimitsidwa mobwerezabwereza chifukwa wotanthauzira Chichewa sanapezeke, ndipo tsiku limene anapezeka anali munthu wongochimva pang'ono. Kusiyana kwa mawu akuti “ndinamukankha” ndi “ndinamumenya” n'kochepa m'khutu la wotanthauzira wotopa, koma pamaso pa lamulo kukhoza kulekanitsa kupha mwangozi ndi kupha mwadala. Kumene kulibe chingwe, kulakwitsa kotere kumadya zaka za munthu, ndipo apilo ikhoza kumubwezera zotsalazo. Kumene chingwe chilipo, apilo ikhoza kufika munthu ali m'manda.

Musaganize kuti izi ndi za kutali kokha. Ku Botswana, amuna awiri a mtundu wa Basarwa, Tlhabologang Maauwe ndi Gwara Brown Motswetla, anagamulidwa kuti anyongedwe pa mlandu umene unazengedwa m'zilankhulo zimene sankazimva bwino. Mu January 1999, kutangotsala maola kuti aphedwe, bungwe loona za ufulu wa anthu la Ditshwanelo linakatenga chiletso kukhoti, ndipo mu 2005 anamasulidwa. Awa anali mbadwa za dzikolo. M'dziko lomwelo, pa 31 March 2001, Mariette Bosch wa ku South Africa ananyongedwa banja lake lisanauzidwe, dandaulo lake lili m'manja mwa bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu. Mayiyu anali ndi maloya odziwika ndipo nyuzipepala za maiko ambiri zinkalemba za iye. Ngati zinatero ndi munthu wotere, tangoganizani za mbusa wa ng'ombe kapena wantchito wa m'nyumba wochokera ku Zimbabwe, ku Zambia kapena ku Malawi, amene dzina lake silidzatuluka m'nyuzipepala iliyonse.

Ulendo wathu wafika kumene chingwe chili pantchito

Agogo athu ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi ku Theba, kapena ku mafamu a fodya a ku Zimbabwe. Lero maejenti akulemba achinyamata athu kupita ku maiko a Aluya ndi ku Asia, kumene chilango cha imfa chikugwiritsidwa ntchito kwambiri. Mu 2024 dziko la Saudi Arabia linapha akaidi oposa 300, ndipo oposa 100 mwa iwo anali obwera, ambiri ochokera ku maiko osauka a ku Asia ndi Africa. Nkhani za amayi a ku Malawi amene anazunzika m'nyumba za eni ku Oman munazimva. M'dongosolo lolembera antchito la kumeneko, lotchedwa kafala, chilolezo chokhalira m'dziko chimamangiriridwa kwa bwana, ndipo wantchito wothawa nkhanza ndiye amasanduka wolakwa. Mayi wotsekeredwa m'nyumba, wolandidwa pasipoti ndi foni, tsiku limene adzadziteteza kwa womugwirira mpaka ngozi n'kuchitika, mboni zonse zidzakhala za eni nyumba.

Pali pangano la maiko la ku Vienna la 1963 limene ndime yake ya 36 imapereka ufulu kwa munthu womangidwa kunja woti ofesi ya kazembe wa dziko lake idziwitsidwe. Pangano limeneli limaphwanyidwa kawirikawiri. Dziko la Indonesia linadandaula mu 2011, mu 2015 ndi mu 2018 kuti amayi ake ogwira ntchito za m'nyumba anaphedwa ku Saudi Arabia boma lawo lisanauzidwe tsiku. Kwa ife vuto limakula chifukwa maiko athu ali ndi akazembe ochepa, ndipo ofesi imodzi imayang'anira maiko angapo popanda ndalama zolembera loya.

Kumene lamulo limalola kuti banja la wophedwa likhululuke polandira chipepeso, moyo wa mkaidi umadalira thumba. Stephen Munyakho wa ku Kenya, amene anamenyana ndi mnzake wa kuntchito ku Saudi Arabia mu 2011 mnzakeyo namwalira, anakhala zaka zambiri akudikira imfa, ndipo anamasulidwa mu 2025 patalipidwa ndalama pafupifupi madola 1 miliyoni, mayi ake atayenda ponseponse kupempha thandizo. Kukhululuka ndi chinthu chabwino, ndipo tikuyamika onse amene anathandiza. Koma msonkhano wathu wa m'galaja, umene umavutika kukwanitsa bokosi, sungasonkhe ndalama zotere.

Msampha wina ndi wa mankhwala ozunguza bongo. Janice Linden wa ku South Africa anaphedwa ku China mu December 2011 atapezeka ndi mankhwala m'chikwama, iye akukana mpaka mapeto kuti sanali ake. Mary Jane Veloso wa ku Philippines, amene analonjezedwa ntchito ya m'nyumba napatsidwa sutikesi yobisidwamo mankhwala, anapulumuka usiku womwe ankati aomberedwe ku Indonesia mu April 2015, ndipo anabwezedwa kwawo mu December 2024. Eni malondawo sakwera ndege ndi katundu wawo. Amatuma munthu wosowa ntchito, ndipo iye akaphedwa amapeza wina mawa lake.

Madzi akatayika saoleka

Umboni wakuti mabwalo amalakwitsa tili nawo kwathu komwe. Kwa zaka zambiri lamulo la Malawi linkakakamiza woweruza kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, posayang'ana mmene zinachitikira. Mu 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, bwalo lalikulu linagamula kuti kukakamiza kumeneku n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Kuyambira mu 2015 milandu ya akaidi amene anagamulidwa motero inayamba kumvedwanso, ndipo othandiza pa zamalamulo anayenda m'midzi kufunsa mafumu, achibale a akaidi ndi achibale a ophedwa. Zimene zinatuluka n'zochititsa manyazi. Ena anali ana pa nthawi ya mlandu, ena anali odwala misala, ena anapha podziteteza, ena mafayilo awo anali atasowa, ndipo pa milandu ina umboni unali wofooka kotheratu. Palibe ngakhale mmodzi amene anagamulidwanso kuti aphedwe, ndipo oposa 100 anatuluka m'ndende nabwerera kwawo. Kafukufuku amene anachitika pambuyo pake pakati pa mafumu a midzi imene anthuwa anabwererako anapeza kuti ambiri mwa mafumuwo sagwirizana ndi chilango cha imfa.

Anthu amenewa anapezeka ali moyo chifukwa dziko la Malawi silinanyonge munthu chichokere 1992, ndipo atsogoleri onse kuyambira Bakili Muluzi mu 1994 sanasayine chikalata chonyongera. Akanasayina, zolakwika zonsezi zikanakwiriridwa ku Zomba popanda wozidziwa. Ku United States, dziko la chuma ndi maloya ambiri, anthu pafupifupi 200 amene anagamulidwa kuti aphedwe chichokere 1973 anadzapezeka osalakwa. Palibe bwalo pa dziko lapansi limene sililakwitsa, choncho chilango chimene sichingabwezedwe sichiyenera kukhala m'manja mwa bwalo lililonse.

Kodi chingwe chimaopseza?

Mfundo ya bambo a pamaliro aja inali yakuti chingwe chimaletsa kupha. Mbiri ya South Africa yomweyo ikuwatsutsa. Pa nthawi ya tsankho, ndende ya Pretoria inali ndi malo onyongerapo anthu 7 nthawi imodzi, ndipo mu 1987 mokha anthu 164 ananyongedwa kumeneko. Zaka zimenezo m'makomboni a anthu akuda munalibe mtendere. Kunyonga kunaima mu 1989, ndipo pa 6 June 1995 bwalo loona za malamulo aakulu a dziko linathetsa chilangochi pa mlandu wa Makwanyane. Kuchokera pamenepo mpaka cha m'ma 2011, chiwerengero cha ophedwa poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu chinatsika ndi pafupifupi theka. Pambuyo pake chinayambanso kukwera. Lamulo linali lomwelo potsika ndi pokwera, kutanthauza kuti zoyambitsa zili kwina: kuchuluka kwa mfuti, ulova, mowa, ndi kufooka kwa apolisi ofufuza milandu. Mu 2012 bungwe la akatswiri la National Research Council ku United States linaunika kafukufuku wa zaka zambiri ndipo linapeza kuti sakupereka umboni wodalirika wakuti chilango cha imfa chimachepetsa kuphana.

Munthu wobaya mnzake chifukwa cha foni sawerenga buku la zilango asanatulutse mpeni. Chimene amadziwa n'chakuti mwina sadzagwidwa, makamaka ngati wobayidwayo ndi wobwera amene anzake amaopa kupita kupolisi. Chimene chimaletsa umbanda ndi kudziwa kuti ukalakwa ugwidwa. Apolisi 8 amene anakwekwereza Mido Macia anapezeka olakwa mu 2015 napatsidwa zaka 15 aliyense, chifukwa panali kanema wa pafoni, mboni zolimba mtima ndi ofufuza amene anagwira ntchito yawo. Andale amakonda kulonjeza chingwe nthawi ya zisankho chifukwa lonjezolo silifuna bajeti, pamene kuphunzitsa ofufuza, kuteteza mboni ndi kulemba otanthauzira kumafuna ndalama ndi zaka.

Tikumbukirenso kuti amene amafuula kuti chingwe chibwerere nthawi zambiri ndi omwewo amene amanena kuti umbanda unabwera ndi alendo. Khamu limene linapha Elvis Nyathi linkayenda khomo ndi khomo kufunsa mapepala, litagamula kale kuti pali anthu ena amene moyo wawo ndi wotsika mtengo. Boma likamapha m'dzina la chilungamo, limaphunzitsa khamu kuti kupha ndi njira yothetsera mlandu. Walira mvula walira matope, ndipo matope ake adzayamba kutithimbirira ife.

Chingwe ndi mphamvu za olamulira

M'chigawo chathu chino chingwe chakhala chida cha olamulira kuyambira nthawi ya atsamunda. Solomon Mahlangu ananyongedwa ku Pretoria pa 6 April 1979 ngakhale kuti si iye amene anaomba mfuti imene inapha anthu pa mlandu wake. Nelson Mandela ndi anzake anazengedwa mlandu wa ku Rivonia mu 1964 akudziwa kuti akhoza kunyongedwa. Emmerson Mnangagwa anagamulidwa kuti aphedwe m'nthawi ya Rhodesia, napulumuka chifukwa cha kuchepa kwa zaka zake. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anagwidwa mu December 1981, nagamulidwa kuti aphedwe mu 1983 ndi bwalo la mafumu limene silinkalola maloya. Maiko akunja atadandaula, chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, ndipo Vera anatuluka mu 1993. Lamulo lonyonga limalembedwa poganizira chigawenga choopsa, koma likangolowa m'buku limadikira aliyense amene boma la tsikulo lamuda.

N'chifukwa chake maiko ambiri a kuno anachisiya. Mozambique ndi Namibia anathetsa chilangochi mu 1990, Angola mu 1992, South Africa mu 1995, Zambia mu December 2022, ndipo Zimbabwe pa 31 December 2024, ngakhale lamulo lake linasiya kampata pa milandu ya asilikali m'nthawi ya chipwirikiti. Amene amati kuthetsa chingwe ndi maganizo a Azungu aone mndandanda umenewu. Oweruza angapo pa mlandu wa Makwanyane anatsamira pa ubuntu, umene ife timati umunthu, mfundo yakuti ngakhale wolakwa sasiya kukhala munthu. Otsalira ndi Botswana, amene mu 2021 anali akunyongabe. Malawi, Tanzania, Lesotho ndi Eswatini, amene akusunga lamulo popanda kuligwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Ndi Democratic Republic of Congo, imene mu March 2024 inachotsa chiletso chimene chinaimitsa kupha akaidi kuyambira 2003. Zimene zachitika ku Congo zikutiphunzitsa kuti kungoimitsa sikokwanira, pakuti chimene nduna inaimitsa nduna ina ikhoza kuchiyambitsanso. Ku Malawi nako, chigamulo cha bwalo lalikulu la apilo cha April 2021 pa mlandu wa Khoviwa chinaoneka ngati chathetsa chilangochi, koma mu August chaka chomwecho oweruza anafotokoza kuti sichinatero. Ntchitoyi yatsalira Nyumba ya Malamulo.

Pali chifukwa china chimene chimatikhudza ife mwachindunji. Dziko limene limapha akaidi lilibe pakamwa popempha chifundo mwana wake akagwidwa kunja. Mu April 2015 Indonesia inkalira amayi ake awiri amene anaphedwa ku Saudi Arabia, ndipo mwezi womwewo inaombera akaidi 8, mwa iwo 7 obwera, ena a ku Nigeria. Mosiyana ndi zimenezi, bwalo la South Africa linagamula mu 2012, pa mlandu wa Tsebe, kuti boma silingapereke munthu ku Botswana popanda lonjezo lakuti sakanyongedwa. Dziko limene linataya chingwe limatha kuteteza ngakhale mlendo.

Kwa amene mtima ukuwawabe

Ena mwa inu mudzafunsa za amene amapha abale athu achialubino. Milandu imeneyi ndi yonyansa, ndipo mu 2019 mabwalo a ku Malawi anapereka chilango cha imfa pa ina mwa iyo. Koma amene amagwidwa kawirikawiri ndi otumidwa, pamene otuma ndi ogula ziwalo sadziwika. Wonyongedwa sachitira umboni. Mkaidi wamoyo akhoza tsiku lina kutchula dzina la womutuma, ndipo dzina limenelo ndilo lingapulumutse mwana wotsatira.

Ena mudzati n'chifukwa chiyani misonkho yathu idyetse wakupha. Akaidi oyembekezera imfa ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi unyinji wa amene akudzaza ndende zathu podikira kuti milandu yawo imvedwe, ena kwa zaka. Wofuna kupulumutsa ndalama za boma ayambire pamenepo.

Ena mudzati banja la wophedwa liyenera kuona chilungamo, ndipo tikuvomereza ndi mtima wonse. Wakupha alangidwe, akhale m'ndende zaka zoyenera mlandu wake, ndipo woopsa asatulutsidwe. Koma funsani mkazi wamasiye wa mnzathu aliyense amene tinamutumiza kumudzi m'bokosi. Amafuna kudziwa chimene chinachitika, amafuna wolakwa weniweni agwidwe, amafuna malipiro ndi chipukuta misozi cha mwamuna wake zifike, ana apitirize sukulu. Chingwe sichilipira fizi. Chimangowonjezera nyumba ina ya maliro, ya mayi amene sanalakwe kanthu koma kubereka.

Zimene tikupempha

Kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo ya Malawi ndi a maiko ena otsalira, tikuti chotsani chilango cha imfa m'mabuku a malamulo, ndipo maboma anu asayine pangano la United Nations la 1989 lothetsa chilangochi, kuti boma lobwera lisadzachibwezeretse mwakachetechete. Kwa maunduna a zantchito, tikuti mgwirizano uliwonse wotumiza anthu kukagwira ntchito kunja ukhale ndi ndime zonena kuti wantchito akamangidwa kazembe adziwitsidwe msanga, apatsidwe loya ndi wotanthauzira wa chilankhulo chake, ndipo pakhale thumba la ndalama lolipirira zimenezi. Dziko la Philippines linakhazikitsa lamulo loteteza antchito ake a kunja mu 1995, Flor Contemplacion atanyongedwa ku Singapore. Ife tisadikire maliro otere kuti tichite zomwezo. Kwa mabungwe a apantchito, tikuti nkhaniyi ndi yanu monga mmene ilili nkhani ya malipiro, pakuti okoledwa ndi mamembala anu.

Kwa inu owerenga, pali zimene mungachite lero. Sungani nambala ya ofesi ya kazembe wa dziko lanu pamtima kapena papepala, poti foni imalandidwa. Mukamangidwa, nenani kuti mukufuna kazembe adziwitsidwe, ndipo musasayine kapena kudinda chala pa pepala limene simunalimve m'chilankhulo chanu. Musalole ejenti kusintha zaka kapena dzina pa pasipoti yanu kapena ya mwana wanu. Musanyamule chikwama chimene simunalongedze nokha, ngakhale wokupatsaniyo akhale amene wakulipirirani tikiti. Mnzanu akasowa, musangoti watchona. Funsani kupolisi, kuchipatala ndi kundende, ndipo dziwitsani bungwe la anthu akwanu. Mukaona khamu lazungulira munthu, musatole mwala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa bambo a pamaliro aja, ndi kwa onse amene anagwedeza mitu povomereza, ndikuti ulemu wanga kwa inu sunachepe. Koma mpaka lero amene anabaya mlonda uja sanagwidwe, ndipo anyamata awiri amene anaona zimene zinachitika akuopa kukapereka umboni chifukwa mapepala awo anatha. Ngakhale chingwe chikanakhalapo, palibe amene chikanamunyonga, pokhapokha apolisi atatola munthu wina wosavuta kumutola. Pa msonkhano wathu wotsatira, tikatha kusonkha za bokosi, tisankhe anthu atatu oti aziperekeza mboni kupolisi pamodzi ndi loya, ndi kubwererako mwezi uliwonse kukafunsa pamene mlandu wa mnzathu wafika.